Dzanja la Bambo a Michiyo

Lolemba, 6 Febuluwale 1961

Amuna anga agwetsanso timitengo todyera. Kawiri lero. Koyamba ndinaseka, ndimayesa n'kuzizira. Kachiwiri sanatole. Anangoliyang'ana dzanjalo ngati la munthu wina, kenako n'kulibisa pansi pa tebulo. Mpunga amaliza ndi supuni, ndi dzanja lamanzere, ngati mwana.

Kabuku aka ndagula pa sitolo ya pakona. Ndilibe womuuza. Amayi anga kulibe. Michiyo miyezi isanu ndi iwiri, amangodziwa bere ndi kukoka tsitsi.

Zaka zisanu ndi zinayi a Tokuji, bambo ake a Michiyo, ali pa mpando umodzimodzi. Kukanda zilembo pa mapepala a phula ndi cholembera chachitsulo, ena n'kumakasindikiza. Tizilembo tating'ono ngati chitowe. Mwezi uno ndiye wa mayeso a m'sukulu, mapepala mulu. Mutu pansi kuyambira m'mawa, khosi ngati ng'ombe ya pagoli.

Titadya ndawamenya mapewa ndi zibakera, monga tinkawachitira abambo kwathu. Phewa lakumanja gwa, ngati njerwa. Ndafunsa ngati zikuthandiza. Akuti, "Zili bwino." Amatero pa chilichonse. Msuzi uchuluke mchere, zili bwino. Nsapato ibooke, zili bwino.

Matewera auma gwa pa chingwe ndi chisanu. Ndachita kuwafewetsa pa mbaula.

Lachitatu, 8 Febuluwale

M'chikwama chawo mapepala khumi ndi limodzi obwezedwa. Ine ndimafuna kabokosi ka chakudya chamasana kuti nditsuke. Ngakhale ine ndaona. Mizere yoyamba yokongola, yapakati yayamba kunjenjemera, yomaliza ngati padutsa nyerere zoledzera.

Ndinaima nawo m'manja mpaka analankhula. Akuti abwana awapatsa mpaka pa 27. Tsiku limenelo alembe tsamba limodzi lathunthu, abwanawo ali poteropo. Likatuluka loyera, mpando ndi wawo. Likapanda kutero, ofuna mpandowo ndi ambiri.

Kuchipatala anapita dzana, nthawi ya nkhomaliro, osandiuza. Dokotala akuti mitsempha yapanikizika kuchokera m'khosi, n'chifukwa chake zala zitatu zachita dzanzi. Mankhwala ake kupuma mwezi. Anaseka pondiuza. "Mwezi! Ndiye inu muzidya chiyani, chikalata cha dokotala?"

Dzanja limenelo ndi limene ndinayamba kuliona, nkhope pambuyo. Ndili wotsuka mbale pa kanyumba ka zakudya pafupi ndi kuntchito kwawo, anatilembera mayina a zakudya oti tipachike pakhoma. Ndinaima ndi mbale yonyowa, kuyang'ana zala zokha.

Masiku khumi ndi asanu ndi anayi. Ndawerenga pa kalendala ya wogulitsa mpunga.

Lachisanu, 10 Febuluwale



Kalata m'thumba lamkati la jekete lawo. Ndimalipukuta fumbi iwo ali kubafa. Yochokera kumudzi, kwa alamu anga a Genzo, achimwene awo aakulu amene anatsala ndi nyumba ndi minda. Chidindo cha positi cha mwezi watha. Milungu itatu akuyenda nayo pachifuwa, osanena.

Sindinaithe yonse. Zilembo za anthu ophunzira, zopindikapindika. Koma dzina la Michiyo ndaliona katatu. Katatu chifukwa chiyani? A Genzo sanamuonepo mwanayu. Iwo ndi akazi awo zaka khumi ndi zisanu m'banja, opanda mwana.

Ndakopera yonse kumapeto kwa kabukuka, chilembo ndi chilembo, ngati ndikujambula. Ndaibweza m'thumba asanabwere.

Ndamuyamwitsa Michiyo ngakhale analibe njala. Anandisanzira paphewa, n'kuseka.

Loweruka, 11 Febuluwale

Mayi Tsuruta. Wakhungu uja wa kumapeto kwa mdadada wathu, amene amatikita anthu misana m'nyumba za alendo. Masiku onse ndimangowapatsa moni ku bafa la anthu onse. Lero ndawatsatira mpaka pakhomo pawo, mwana kumbuyo, kabuku m'manja.

Nditanena chimene ndadzera anaseka mpaka kutsokomola. "Mdadada wonsewu, anthu a maso awiriawiri, iwe wasankha ine kuti ndikuwerengere kalata? Mutu ulipo, mtsikana iwe?" Ndinati a masowo alinso ndi pakamwa. Anasiya kuseka. Ananditambasulira chikhatho.

Maso anawataya pa moto wa mabomba nthawi ya nkhondo, ali wamkulu kale, atamaliza sukulu ya atsikana. Ndiye ndinkalemba chilembo chilichonse ndi chala pachikhatho pawo, iwo n'kumatchula. Pena kundimenya kadzanja. "Bwereza, wayambira kumchira."

Kalatayo ikuti: tamva kuti m'tauni zinthu sizikuyenda. Nyumba ya makolo ikufuna mwana. Mutipatse Michiyo, timulembetse kuti ndi wathu, akadzakula tidzamupezera mwamuna wolowa pakhomo. Inu mukadali ana, mudzabereka ena.

Mudzabereka ena. Ngati ana a mphaka.

Ine ndikudziwa kugona m'nyumba ya eni. Ndili ndi zaka khumi ndi chimodzi ananditumiza kukalera mwana wa ena. Sanali anthu oipa. Chakudya ankandipatsa. Koma ndinkayenda chonyang'ama, ndipo kulira ndinkalirira kuchimbudzi.

Mng'ono sakanira mkulu wake amene ali mutu wa nyumba. Ali pantchito angathe kumazengereza. Ntchito ikatha alibe pakamwa. Dzanja, ntchito, mwana. Chingwe chake n'chimodzi.

Mayi Tsuruta anapempha kumunyamula. Anamununkhiza pamutu nthawi yaitali. Kenako anati, "Dzanja la amuna akowo latani? Nena zonse, usasankhe."

Lolemba, 13 Febuluwale

A Tokuji akana kupita kwa mayi Tsuruta. Akuti zotikitidwa ndi za nkhalamba ndi mabwana, ndiponso wina akawaona, mawa nkhani ili kuntchito. Za kalata sindinatchule. Iwonso ayi.

Ndiye ndikuphunzira ine. Masana, Michiyo akagona. Malipiro akuti ndiziwasiyira mwana pamiyendo akadzuka.

Zibakera akuti ndisiye. "Ukuchiza mwamuna kapena ukukuntha fumbi m'matiresi?" Yawoyi amati shiatsu. Si kusisita, si kumenya. Kuika chala chachikulu, kutsamira, kudikira.

Ndilembe ndisaiwale. Kansalu pamwamba, osati pakhungu penipeni. Chala chowongoka. Mphamvu isachoke m'chala, ichoke m'chiuno, thupi lonse litsamire. Kulowa iye akamatulutsa mpweya. Kuwerenga mpaka zisanu. Kutuluka pang'onopang'ono, ngati ukusolola dzanja pansi pa mwana amene wangogona kumene. Pafupa ayi.

Malo ake: timaenje tiwiri ta kunkhongo. Pamwamba pa phewa, pakati penipeni. M'mbali mwa fupa lija longa phiko. Kunja kwa chigongono. Pakati pa chala chachikulu ndi cholozera.

Anandionetsa pa ine ndemwe. Atafika paphewa misozi inangotuluka, osati ndi ululu. Kaya. Anati, "Ee, nawenso wasenza." Sanafunse zambiri.

Lachiwiri, 14 Febuluwale

Lero ine pa iwo. Kukalipa kokhakokha. "Zala zako zafewa ngati tofu wa soya wa dzulo. Tsamira! Sindisweka ine."

Akuti anthu a patebulo onse misana yawo ndi imodzi. Makalaliki, atsikana a pa telefoni, aphunzitsi. Amamudziwa munthu ntchito yake asanatsegule pakamwa. Mutu umalemera ngati chivwende, ndiye munthu n'kuupendeketsa kutsogolo tsiku lonse, khosi ndi mapewa n'kumaugwira kuti usagwe. Kenako n'kuiwala kusiya, ngakhale atagona. Ntchito yathu akuti ndi kuwakumbutsa kuti aweruka.

Ndalipeza dzenje la kunkhongo ndekha. Anati, "Hm. Pamenepo." Ndasangalala ngati ndakhoza mayeso.

Michiyo wawakoka magalasi akuda aja. Sanakwiye. Anamusiya kuti awagwire zikope. "Ona bwino, kamayi, ndiwe wekha sukuopa."

Lachitatu, 15 Febuluwale

Dzulo madzulo a Tokuji anavomera. Ndinati ndi masewera chabe, ndikufuna kuyesa. Anagona chafufumimba pamphasa atangobwera kubafa, thupi likadali lofunda. Michiyo pambali akuyamwa chala chake chakuphazi.

Zaka ziwiri m'banja, msana wawo ndinali ndisanauyang'anepo bwino. Woonda. Phewa lakumanja lakwera kuposa linzake. Pansi pa chala changa kamfundo kolimba ngati nyemba yosaphika. Ndinatsamira, kuwerenga zisanu. Anapuma mpweya wautali, wa munthu wotula katundu.

Atadzuka anapotokola khosi uku ndi uku. "Ha." Basi, mawu ake omwewo. Koma m'mawa uno adya ndi timitengo mpaka kumaliza.

Masiku khumi ndi awiri.

Lachisanu, 17 Febuluwale

Mapepala ena anayi abwezedwa. Masiku khumi.

Ndaganiza. Ngati pang'ono panathandiza pang'ono, kwambiri kuthandiza kwambiri. Kwathu tikadwala ankatiotcha pamsana ndi tizitsamba, ankati chosawawa sichichiritsa. Ndiye lero ndalimbika. Ola ndi theka pa kamfundo kaja. Zala zitatopa ndinaikapo chigongono.

Ndinkafunsa. "Bambo a Michiyo, sizikuwawa?" Zili bwino. "Ndiwonjezere?" Zili bwino. Thukuta pakhosi pawo, ndi chisanu chonsechi. Ndimati ndi matenda akutuluka.

Zala zanga zatupa. Koma mtima wapepuka. Tiona mawa.

Loweruka, 18 Febuluwale

Ndawapha dzanja.

Sakutha kulikweza. Malaya ndachita kuwaveka, kenako kuwavulanso. Phewa latupa, lada ngati biringanya, likutentha. Khosi silikutembenuka. Kuntchito sanapite, koyamba m'zaka zisanu ndi zinayi. Ndinapita ine pa telefoni ya kusitolo kukanama kuti ndi chimfine. Abwana anangoti, "Hm."

A Tokuji akhala moyang'ana khoma. Ndagwada, mphumi pamphasa. Akuti, "Si iwe." Ndani nanga?

Ndi manja anga omwe ndamupereka mwana wanga.

Mayi Tsuruta kulibe. Ndagogoda katatu. Akuti apita ndi alendo ku akasupe otentha mpaka mawa.

Michiyo dzino loyamba likutuluka, wasankha tsiku. Akulira. Ndikulira.

Lamulungu, 19 Febuluwale

Mayi Tsuruta abwera okha ndi ndodo yawo, oyandikana nawo atawauza za kugogoda kwanga. Analowa osadikira. "Ali kuti wophedwayo?"

A Tokuji anafuna kudzuka kuti awaweramire. "Gonani, bambo, ulemu wanuwo sindiuona."

Anapapasa phewa mofatsa, nthawi yaitali. Akuti fupa lili bwino, palibe chaduka, ndi mnofu chabe wakwiya. Masiku atatu utsika. Lero nsalu yozizira, mkuja yofunda.

Kenako kukalipa. Ine poyamba. Chigongono! Ola ndi theka! "Ndinati tsamira, sindinati boola." Ndinati ndinkafunsa, ankati zili bwino. Anatembenukira kwa a Tokuji. "Zinali bwino?" "Bambo, ndafunsa." A Tokuji akuti sanafune kundigwetsa mphwayi, poti ndinali nditalimbikira. Ndiponso mwamuna sadandaula.

"Ndi zimene mumafera inu," anatero. "Zaka zonsezi ndikugwira misana ya amuna a dziko lino. Aliyense zili bwino, zili bwino, mpaka tsiku lomunyamula." Anatenga dzanja lawo lamanzere, labwinolo, n'kukanikiza pakati pa chala chachikulu ndi cholozera. Osasiya. A Tokuji nkhope psuu, milomo aluma. Osasiya. Mpaka, "Mayo! Zikuwawa, mayi!" Michiyo anadzidzimuka, kenako anaseka chikhakhali. "Eya. Pakamwa ndi pabwinobwino. Wamva, mtsikana? Mawu ake amamveka choncho."

Kwa ine akuti pakamwa pa mwamuna ndisamapakhulupirire. Ndiziyang'ana zala zakumapazi. Zikapindika, ndapyola. Akaugwira mpweya, ndapyola. Ululu wabwino munthu amaupumira, woipa amaulumira mano. Kwa iwo akuti ntchito iyi ndi ya anthu awiri. "Wogonayo akakhala bubu, wokanikizayo ndi wakhungu kuposa ine."

Anadya nafe mpunga ndi nsomba youma. Anadandaula kuti msuzi wachuluka mchere. A Tokuji anayang'ana m'mbale, anayang'ana ine. "Wachulukadi." Tinaseka tonse, iwo akugwira phewa.

Lolemba, 20 Febuluwale

Akadali pakhomo. Sadziwa kukhala. Anafuna kukonza chitseko ndi dzanja limodzi, ndawalanda hamala.

Masana ndawapeza atagona chammbali, Michiyo akuwatafuna chala cholozera, chadzanzi chija, ndi kadzino kake katsopano. Akuti, "Luma, mayi, luma, mwina chidzuka." Sanadziwe kuti ndili pakhomo. Ankamuyang'ana ngati munthu amene akuloweza chinthu pamtima. Sindinakonde. Ndinagwetsa beseni dala.

Lachitatu, 22 Febuluwale

Anabwerera kuntchito dzulo. Kutupa kwatsika, patsala chikasu ndi kubiriwira. Ndikuwakanikiza mphindi khumi ndi zisanu zokha m'mawa, zina madzulo. Mayi Tsuruta awalamulanso kuti ola lililonse aziimirira, azipita ngati kokataya madzi, akazunguze mapewa kuseri. Akuti anzawo akuyesa atsegula m'mimba.

Akuphunzira kunena. Movutika, ngati mwana wophunzira kuyenda. "Apo... pang'ono." Pang'ono chiyani? "Pakuwawa pang'ono." Ululu uti? "Wabwino uja." Maso anga ali kumapazi. Masokosi ndimawavula dala.

Lero ndili pa chigongono, iwo nkhope ili papilo, anati, "Kikue. Kalata ija unaiona." Sikunali kufunsa. Akuti ndinaipinda molakwika poibweza. Ndinati ee. Zala sindinachotse.

Analankhula kupilo komweko. Akuti bambo awo atamwalira, a Genzo anasiya sukulu kuti iwo apitirize. Ankawabereka kumsana powoloka mtsinje nthawi ya chisanu. Chibadwire sanawakanirepo kanthu. Tsiku lililonse amayamba yankho m'mutu, limathera pa moni. Kenako anati, "Izi ndiye zikuwawa. Osati pang'ono."

Ndinangosiya chikhatho pamsana pawo mpaka unasiya kugwedezeka.

Sananene kuti akana. Sananenenso kuti avomera. Masiku asanu.

Lachisanu, 24 Febuluwale

Kakhadi ka papositi. A Genzo ndi akazi awo abwera pa 5 Malichi kudzaona mwana. Aka ndawerenga ndekha, n'kakafupi. Akuti tisavutike ndi zovala zake za nyengo yofunda, asoka kale.

Asoka kale.

Ndinaganiza zothawa. Ndinamanga matewera m'nsalu, ndinafika mpaka pa siteshoni. Kupita kuti? Ndinagula mbatata yootcha, kudya theka, kubwerera. Michiyo anagona ulendo wonse. Mtolo ndamasula bambo ake asanaweruke.

Ndikuganiza za mkazi wa a Genzo. Zaka khumi ndi zisanu. Kukhala pansi kusoka tizovala ta mwana wa mwini, osadziwa n'komwe kutalika kwa mikono yake. Ndikufuna kumuda, zikukanika. Koma wanga ayi.

Ndinawauza mayi Tsuruta za kusiteshoni. Sanakalipe. Anati, "Ukanapita, ndani akanamugwira msana uja? Ine sindibwera ulere kawiri."

Zala ziwiri dzanzi latha, akutero a Tokuji. Chatsala cholozera. Ponena zimenezo ndinawayang'ana kumapazi. Zala zinali zowongoka.

Lamulungu, 26 Febuluwale

Ayesa tsamba patebulo pathu. Ine panja ndi Michiyo kuti tisasokoneze, kuzungulira mdadada kanayi. Wogulitsa tofu anandifunsa ngati ndataya kanthu.

Theka loyamba lokongola ngati kale. Kupitirira apo kunjenjemera kwabwerera. Pang'ono, koma kulipo. Pakanakhala mlungu wina umodzi. Mwina iwiri. Masiku atatu aja ndinawononga ndine.

Ndinafuna kuwonjezera nthawi lero, zala zinkachita kuyabwa. Mphindi zitakwana anati, "Basi, Kikue. Kupitirira apa ndi woipa uja." Ndinasiya.

Malaya oyera ndasita. Nsapato ndapukuta kawiri.

Lolemba, 27 Febuluwale

Masana. Sindingathe kukhala pansi. Ndachapa zochapa kale. Mayi Tsuruta andithamangitsa, akuti kapumidwe kanga kakuwatopetsa.

Madzulo. Tsamba silinatuluke loyera. Sanalimalize n'komwe.

Akuti atafika pakati, cholozera chitayamba zake, anaika cholembera pansi. Anaimirira, n'kuwauza abwana pamaso pa onse. Dzanja likuwawa. Linayamba mu Disembala. Dokotala anati mwezi. Likuchira, koma silinachire. Abwana anati, "Bwanji sunanene?" Asanayankhe, mkulu wina wa patebulo la pawindo, zaka makumi awiri pamenepo, anakweza dzanja lake, likunjenjemera. "Langanso, bwana."

Mpando wolembera awachotsapo. Awaika ku makina osindikizira, kupukusa ndi dzanja lamanzere ndi kufufuza zolakwa m'mapepala a anzawo, mpaka Epulo. Malipiro atsika. Epulo adzayesanso. Lonjezo palibe.

Abwera zala zili bii ndi inki, nkhope yotuwa. Pakhomo anati, "Ntchito ilipo. Yatsika, koma ilipo." Anamunyamula Michiyo ndi manja onse awiri, inki pa thewera lochapa kumene. Ndinawasiya amunyamule.

Koma a Genzo akamva kuti awatsitsa adzati, mwaona. Ndipo pa 5 akubwera.

Lachiwiri, 28 Febuluwale

Titadya anati nditenge mapepala abwino aja. Yankho lipite mawa m'mawa kuti liwapeze asananyamuke. "Ulemba iwe. Langali lili pa tchuthi, dokotala analamula."

Ndinati zilembo zanga ndi za mwana wa kalasi lachisanu, mudzi wonse ukaseka. Akuti aseke, bola awerenge.

Anayamba kutchula, ine kulemba. Kuzizira kukadalipo koma mitengo yayamba kuphukira. Tikhulupirira kuti achimwene ndi alamu muli bwino. Tikuthokoza chisamaliro chanu chosatha. Ndife osayenera. Tsamba lathunthu zimenezo. Kenako: nkhani ya mwanayi taiganizira mozama, ndi yovuta ndithu, mwina nthawi ina zinthu zikadzakhala mwamtundu wina.

Ndinaika cholembera pansi. Ndinati, "Bambo a Michiyo, apa mwakana kapena mwavomera? Ine sindikumva." Akuti anthu ophunzira amamvana choncho. Ndinati munthu amene wadikira zaka khumi ndi zisanu akamva zimene akufuna kumva. Abwera ndi nsalu yoberekera.

Sindinawayankhepo choncho chikwatiwire.

Ananyamuka, kukaima pamene wagona Michiyo. Nthawi yaitali. Atabwerera anang'amba okha pepalalo. Akuti tiyambenso. Moni mzere umodzi. Kenako anati:

"Achimwene, Michiyo sitimupereka. Chaka chino ayi, chaka chamawa ayi. Pa 5 bwerani ndithu. Mudzamunyamule, mudzadye nafe, tizovalato tidzalandira ndi manja awiri. Chilimwe chilichonse tizibwera naye. Koma kwawo ndi kuno."

Sanabweze liwu ngakhale limodzi.

Pepala labwino latsala limodzi, ndiye ndapempha kuti ndiyambe ndayeserera muno. Akundidikira. Akupera kamtanda ka inki m'timadzi ndi dzanja lamanzere, akutayira patebulo.

Michiyo sitimupereka.

Michiyo sitimupereka.

Mzere wachiwiriwu wawongoka. Akuti ndifulumire, inki ikuuma. Ndikupita.